Kuyeza Mkodzo Pofufuza Khansa: Zofunika Kudziwa kwa Anthu a ku Chembe ndi M'mbali mwa Nyanja

Magazi mumkodzo ndi chizindikiro chofala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Ku Chembe, mudzi wa asodzi wa ku Cape Maclear m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, anthu ambiri adayamba kuwaona adakali ana. Nthawi zambiri gwero lake ndi likodzo, nthenda yomwe ili ndi mankhwala. Koma magazi omwewo ndiwo amakhalanso chizindikiro choyamba cha khansa ya m'chikhodzodzo, ndipo likodzo lokhalitsa m'thupi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayambitsa khansayo. Pa chifukwa chimenechi, nkhani ya njira zatsopano zofufuzira khansa mumkodzo ikukhudza anthu a kunyanja kuposa anthu a madera ena ambiri. Chofunika ndi kudziwa zimene mkodzo ungaulule, zimene sungaulule, ndi zimene munthu ayenera kuchita akalandira zotsatira.

Chimene chimafufuzidwa mumkodzo

Impso zimasefa magazi usana ndi usiku, ndipo zotsalira zake zimatsikira m'chikhodzodzo momwe zimakhala kwa maola angapo zisanatuluke. Pa nthawi yonseyo mkodzo umakhala ukutsuka khungu la m'kati mwa chikhodzodzo ndi kutenga zilizonse zimene zayoyoka: maselo akufa, timadontho ta magazi, mapuloteni, ngakhalenso tizidutswa ta DNA. Ngati pakhungupo pamera chotupa, zina mwa zoyoyokazo zimachokera ku chotupacho. Chinthu chilichonse chotere, chomwe chingayezedwe n'kupereka chithunzi cha zimene zikuchitika m'thupi, akatswiri amachitcha biomarker.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1840, dokotala wa ku London, Henry Bence Jones, adafotokoza za puloteni yachilendo yomwe idapezeka mumkodzo wa munthu wodwala khansa ya m'mafuta a m'mafupa, ndipo puloteniyo imatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Ngakhale kuno kwathu kuyeza mkodzo n'kozolowereka. Kachipangizo koyezera mimba kamafufuza homoni ya hCG mumkodzo, ndipo homoni yomweyi ndiyo madokotala amaitsatira mwa mayi amene adakhala ndi mimba yopanda mwana, yomwe nthawi zina imasanduka khansa. Odwala amene kachilombo ka HIV kawafooketsa kwambiri amayezedwa chifuwa chachikulu kudzera mumkodzo, njira yomwe ubwino wake udayesedwa m'kafukufuku amene adachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba. Ubwino wa mkodzo ndi woonekeratu: sipafunika jakisoni, sipafunika kuvula, ndipo munthu amapereka yekha.

Likodzo ku Chembe

Likodzo la m'chikhodzodzo limayamba ndi tinyongolotsi totchedwa Schistosoma haematobium, tomwe Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany, adatitulukira mumzinda wa Cairo mu 1851. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa ndipo tiana take timalowa m'nkhono. Patapita milungu ingapo timatuluka m'nkhonomo tili tambirimbiri, n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa, kutsuka mbale, kukoka khoka kapena kukankha bwato m'madzi osaya. Tikakula timakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo kwa zaka zingapo, tikuikira mazira mazanamazana tsiku ndi tsiku. Dzira lililonse lili ndi kaminga kumapeto. Ena amaboola khungu la chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo, ndipo ndi pamene magazi amaoneka, kawirikawiri kumapeto kokodza. Ena ambiri amatsakamira m'mnofu.

Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti likodzo ndi la m'madambo, m'zithaphwi ndi m'mathiriro ampunga, osati m'madzi oyera a pamchenga wa nyanja. Chikhulupirirocho chidagwa m'zaka za m'ma 1990. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la Peace Corps adadwala likodzo lomwe lidafika mu ubongo ndi mumsana atasambira ku Cape Maclear, ndipo kafukufuku amene adatsatira, yemwe adasindikizidwa mu 1996, adatsimikiza kuti nthendayi imafala m'nyanja momwemo. Pambuyo pake Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University ndi Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo a m'dziko muno, adakhala zaka zambiri akufufuza magombe a Nankumba. Iwo adapeza kuti kuwonjezera pa nkhono ya Bulinus globosus, yomwe imakonda madzi odekha a m'bango ndi m'makhwawa, palinso ina, Bulinus nyassanus, yokhala mumchenga wa poyera pomwe anthu amasamba tsiku lililonse. Adaonanso kuti nkhonozi zidachuluka pamene nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zidachepa chifukwa cha usodzi wa maukonde a maso ang'onoang'ono m'mbali mwa gombe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ana a sukulu oposa theka ku Chembe ankapezeka ndi likodzo.

Mudzi wa Chembe uli m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe adakhazikitsidwa mu 1980. Moyo wonse wa mudziwu uli panyanja. Kuuza msodzi wa usipa kapena mayi woyanika nsomba kuti asamakhudze madzi kuli ngati kuuza mlimi kuti asamaponde dothi. Choncho munthu wobadwira pano akhoza kutenga likodzo, kumwa mankhwala, kutenganso, kwa zaka 30 kapena 40.

Mmene likodzo limaberekera khansa

Mazira otsakamira m'mnofu wa chikhodzodzo sapereka mpumulo. Thupi limalimbana nawo, malowo amatupa, amapola ndi chipsera, n'kutupanso. M'kupita kwa zaka khungu lofewa la m'kati limakhakhala ndi kusintha maonekedwe, chikhodzodzo chimalimba n'kulephera kutulutsa mkodzo wonse, ndipo mkodzo wotsalira umasunga mabakiteriya omwe amapanga zinthu zowononga maselo. Mwa anthu ena, osati onse, kusinthaku kumathera ku khansa. Ubale umenewu adaulemba koyamba A. R. Ferguson ku Egypt mu 1911, ndipo mu 1994 nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse ya WHO yoona za khansa, IARC, idaika Schistosoma haematobium m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, gulu lomwe mulinso fodya.

Khansa yobwera motere ili ndi khalidwe lakelake. Ku Ulaya ndi ku America khansa ya m'chikhodzodzo imagwira makamaka okalamba ndi osuta fodya, ndipo kawirikawiri imayamba ngati kachotupa kolendewera pakhungu la m'kati. Kumadera a likodzo mtundu wofala ndi wotchedwa squamous cell carcinoma, womwe umagwira anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50, pa msinkhu umene akudyetsa mabanja, ndipo umalowa msanga m'mnofu. Ambiri amafika kuchipatala mochedwa. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene wakhala akuona magazi mumkodzo kuyambira ali mu Sitandade 3 sachita mantha akawaonanso ali ndi zaka 45. Chizolowezi ndicho chimabisa nthendayi.

Pali umboni wolimbikitsa wochokera ku Egypt komweko. Dzikolo litachepetsa likodzo kudzera m'kugawa mankhwala kwa anthu ambiri, mtundu wa khansa wobwera ndi likodzo nawonso udatsika kwambiri pakati pa odwala khansa ya m'chikhodzodzo.

Njira zoyezera zomwe zilipo

Njira yapafupi kwambiri ndi kapepala koviika mumkodzo, komwe kamasintha mtundu kakakhudza magazi ngakhale osaoneka ndi maso. Sikadula ndipo kamayankha m'mphindi imodzi kapena ziwiri, koma sikanena kumene magaziwo achokera. Likodzo, mabakiteriya, timiyala ta mu impso, msambo, ngakhale ntchito yolemetsa ya usiku wonse panyanja, zonsezi zingakasinthe mtundu.

Njira yachiwiri ndi kufufuza mazira a likodzo. A mu labotale amasefa mamililita 10 a mkodzo n'kuwerenga mazira pa maikulosikopu, ndipo mazira 50 kapena kuposa amasonyeza likodzo lalikulu. Mazira amatuluka ambiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, choncho imeneyi ndiyo nthawi yabwino yoperekera mkodzo, makamaka madontho omaliza. Mwa akuluakulu mazira amatuluka ochepa kusiyana ndi mwa ana, ndipo kusapezeka kwake tsiku limodzi sikutanthauza kuti chikhodzodzo chilibe zipsera zakale. Kafukufuku wa Dr. Sekeleghe Kayuni pakati pa asodzi a ku Mangochi adapeza mazira a likodzo ngakhale mu umuna, zomwe zikusonyeza kuti mkodzo suonetsa zonse zimene nyongolotsizi zawononga. Palinso kachipangizo ka mkodzo kotchedwa CCA, koma ntchito yake yeniyeni ndi kufufuza likodzo la m'matumbo, lomwe nkhono zake zidapezeka m'magombe a Mangochi mu 2017.

Njira yachitatu ndi kuyang'ana maselo enieni a khansa mumkodzo. Ntchito imeneyi imafuna katswiri wa maselo, ndipo akatswiri otere amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu ku Lilongwe. Akapeza maselo oipa, kawirikawiri amakhala alondola. Akapanda kupeza, khansa ingakhalepobe, chifukwa zotupa zina siziyoyola maselo okwanira.

Kenako pali njira zatsopano zomwe zikutchuka. Zina zimafufuza mapuloteni, monga NMP22 ndi BTA, ndipo zimaoneka ngati kachipangizo koyezera mimba. Zina, monga UroVysion, Cxbladder ndi Xpert Bladder Cancer, zimafufuza kusintha kwa m'kati mwa maselo. Yomalizayi imagwira ntchito pa makina a GeneXpert, ofanana ndi amene zipatala zambiri za maboma zimayezera chifuwa chachikulu. Mu 2020 ofufuza a IARC adalengeza kuti mwa anthu ena a m'chigawo cha Golestan ku Iran adapeza kusintha kwa jini ya TERT mumkodzo womwe udasungidwa zaka pafupifupi 10 khansa yawo isanadziwike. Zotsatira zoterezi n'zopatsa chiyembekezo, koma zidakali pa kafukufuku.

Chifukwa chake njirazi sizinakhale zoyezera anthu onse

Kuyeza munthu amene ali ndi chizindikiro n'kosiyana ndi kuyeza mudzi wonse wa anthu omwe akumva bwino. M'maiko momwe zipangizo zatsopanozi zikugulitsidwa, zimagwiritsidwa ntchito makamaka potsatira odwala amene adachotsedwa kale chotupa, kapena pothandiza dokotala kusankha woyenera kuunikidwa m'kati. Kuyeza chikhodzodzo cha aliyense wopanda chizindikiro si mwambo wovomerezeka ngakhale kumeneko.

Ku Chembe zovuta zake zimawirikiza. Choyamba, mapuloteni monga NMP22 ndi BTA amakwera pamene mumkodzo muli magazi, mafinya kapena kutupa kulikonse. M'mudzi momwe likodzo lili ponseponse, chipangizo chotere chingaloze khansa mwa anthu ambiri omwe alibe. Aliyense wa iwo angafunike ulendo wa ku Blantyre, ndalama zoyendera ndi zogona, masiku osapita kunyanja kapena kumsika, ndi mantha a banja lonse, pamene chimene chimafunika chinali mapiritsi a likodzo. Chachiwiri, zipangizozi zidapangidwa ndi kuyesedwa kwambiri pa mtundu wa khansa wa ku Ulaya ndi ku America, osati wobwera ndi likodzo. Chachitatu ndi choopsa koposa: munthu amene ali ndi chotupa akhoza kuuzidwa kuti ali bwino, n'kukhala pakhomo chaka china.

Dziko la Japan lidaphunzira zimenezi movutikira. Kuyambira mu 1985 makanda a miyezi 6 m'dziko lonselo ankayezedwa mkodzo pofufuza khansa ya ana yotchedwa neuroblastoma. Zotupa zidapezeka zambiri ndipo ana ambiri adachitidwa opaleshoni, koma pambuyo pake zidaoneka kuti zambiri mwa zotupazo zikadafota zokha, ndipo kafukufuku wa ku Canada ndi ku Germany sadapeze kuti kuyezako kumachepetsa imfa. Ntchitoyo idaimitsidwa mu 2004. Chipangizo chimene chimapeza chinthu si chipangizo chimene chimapulumutsa moyo, kufikira umboni utaonetsa choncho.

Chimene chimatsimikiza khansa ya m'chikhodzodzo ndi kuunika m'kati ndi kapaipi kokhala ndi kamera, ndi kutapa kanyama kuti kakayezedwe ku labotale. Kujambula ndi sikani ya pamimba kumathandiza kuona chotupa chachikulu kapena impso zotupa, ndipo kawirikawiri ndiko kumayamba.

Amayi ndi khansa ya khomo la chiberekero

Kumene kuyeza mkodzo kungadzathandize msanga anthu a ku Malawi ndi pa khansa ya khomo la chiberekero. Dziko lino lili m'gulu la maiko amene khansayi yakula kwambiri padziko lonse. Ziwerengero za IARC za 2020 zidasonyeza amayi oposa 4,000 opezeka nayo pachaka ndi pafupifupi 3,000 omwalira. Gwero lake ndi kachilombo ka HPV, ndipo mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi ka 6.

Mkodzo woyambirira kutuluka umakokolola chinyezi ndi maselo a kumaliseche, ndipo DNA ya HPV ingapezeke mmenemo. Ofufuza a ku Belgium adapanga kachitini kapadera kotapira gawo loyambalo, pakuti mkodzo wa pakati, womwe umafunika poyeza matenda ena, suthandiza pano. Kwa mayi amene amachita manyazi kuunikidwa, kapena wogulitsa nsomba amene amakhala pa ulendo pakati pa Chembe, Monkey Bay ndi Limbe, njira yotere ingachotse chopinga chachikulu. Komabe malangizo a WHO a 2021 amatchula kuyeza HPV pa chinyezi chotapidwa ndi namwino kapena ndi mayi mwini wake pogwiritsa ntchito kathonje. Mkodzo udakali kuyesedwa. Tiyeneranso kunena kuti kupezeka ndi HPV si kupezeka ndi khansa: amayi ambiri thupi lawo limachotsa kachilomboka lokha.

Njira yomwe ikupezeka m'zipatala zambiri ndi ya VIA, pomwe namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana malo oyera. Akapezeka, amatha kuwotchedwa ndi kachipangizo tsiku lomwelo, njira imene chipatala cha Nkhoma chidatsogolera m'dziko muno pamodzi ndi kuyeza HPV pa makina a GeneXpert. Amayi a zaka 25 mpaka 49 ndiwo akulimbikitsidwa kwambiri kuyezetsa. Katemera wa HPV, atayesedwa ku Zomba ndi ku Rumphi kuyambira mu 2013, adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9.

Kunyanja palinso china chapadera. Mazira a likodzo amatsakamiranso pa khomo la chiberekero, n'kuyambitsa zilonda, kuwawa ndi kutuluka magazi pogonana. Zilondazi zingafanane ndi matenda opatsirana pogonana kapena chiyambi cha khansa. Mayi wa kunyanja ayenera kuuza namwino kuti amagwira ntchito m'madzi, kuti likodzo liganiziridwe pamodzi ndi zinazo.

Za khansa ya prostate

Ku America chipangizo cha mkodzo chotchedwa PCA3 chidavomerezedwa mu 2012, koma ntchito yake ndi yopapatiza: kuthandiza dokotala kusankha ngati mwamuna amene adatapidwa kale kanyama atapidwenso. Si choyezera abambo onse. Bambo amene mkodzo ukutuluka movutikira kapena akudzuka kambirimbiri usiku ayenera kuonana ndi dokotala, yemwe angapime ndi chala ndi kuyeza magazi.

Zoyenera kuchita

Aliyense woona magazi mumkodzo ayenera kupita kuchipatala, ngakhale palibe ululu ndipo ngakhale magaziwo aoneke tsiku limodzi lokha. Ku Chembe kuli chipatala cha Billy Riordan Memorial, chomwe chidatsegulidwa mu 2004, ndipo odwala ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ku Monkey Bay Community Hospital, kenako ku chipatala cha boma cha Mangochi ndi ku zipatala zikuluzikulu. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, pa mlingo wa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu, ndipo amamwedwa munthu atadya. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima. Sapha zazing'ono zomwe zangolowa kumene, sateteza munthu kuti asatengenso, ndipo sachiza chotupa chomwe chamera kale.

Sitepe yomwe ambiri amaidumpha ndi yobwereranso. Munthu wamkulu, makamaka wopitirira zaka 40, amene wamwa praziquantel ayenera kukayezetsanso mkodzo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Magazi akapitirira, nkhaniyo isatengedwenso ngati likodzo wamba, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha kalata yomutumiza kukajambulidwa. Sipafunika kudikira nthawi yonseyo ngati mkodzo ukutuluka ndi magazi oundana kapena tizidutswa toyera ngati nyama, ngati pali ululu wosatha pachinena kapena m'chiuno, ngati thupi likutha popanda chifukwa, kapena ngati mkodzo watsekeka. Kugula mapiritsi a likodzo kambirimbiri m'magolosale popanda kuyezetsa ndiko kumadya miyezi yomwe opaleshoni ikadathandiza. Buku la kuchipatala lisungidwe bwino, chifukwa tsiku limene munthu adamwa praziquantel ndi chinthu choyamba chimene dokotala wa ku Mangochi kapena ku Blantyre adzafuna kudziwa.

Kusuta fodya kumawonjezera chiopsezo pa chikhodzodzo chomwe likodzo lachivulaza kale. Ana alandire praziquantel nthawi iliyonse imene akugawidwa m'sukulu, pakuti zipsera zimayamba pa ubwana. Zimbudzi za pagombe ndi pamadooko zigwiritsidwe ntchito, chifukwa dzira lomwe silinafike m'madzi silingafike m'nkhono. Madzi osamba otungidwa m'nyanja akakhala m'ndowa masiku awiri, tizilombo toboola khungu timakhala titafa.

Amalonda ndi anthu onse akuchenjezedwa za anthu oyendayenda m'misika ndi m'malo okwerera basi omwe amati ali ndi makina kapena timapepala toona khansa zonse mumkodzo kapena m'dzanja, kenako n'kugulitsa mankhwala a m'mabotolo. Palibe chipangizo chimodzi cha mkodzo chovomerezeka chomwe chimaona khansa za mitundu yonse. Ogwira ntchito zachipatala ayenera kukhala olembetsedwa ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wofuna uphungu angafunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, kapena kuimba foni ku Chipatala cha pa Foni pa nambala ya 54747.